Alandilodi Akutithamangitsa Chifukwa Ndife Akazi Okondana: Kodi Lamulo la ku Joni Likuti Chiyani?

Funso

Ndine mayi wa ku Malawi, ndimakhala ku Rosettenville mu Johannesburg ndipo ndimagwira ntchito mu saluni. Ndimachita lendi chipinda cha kuseri kwa nyumba yaikulu pa R2,300 pamwezi, ndipo polowa ndinapereka dipoziti ya mwezi umodzi. Sitinalemberane kalikonse ndi eni nyumba, koma lendi ndimatumiza kudzera ku banki ndipo sindinaphonyepo. Ndimakhala ndi mnzanga wamkazi amene ndili naye pa chikondi. Poyamba eni nyumba ankaganiza kuti ndi mng'ono wanga. Atadziwa zoona, bambo a pakhomopo ananditumizira uthenga pa WhatsApp wonena kuti pakhomo pawo ndi pa Chikhristu, safuna zonyansa zotere, choncho tichoke pofika Lamlungu. Dzulo atidulira magetsi, ndipo akuti tikapanda kuchoka asintha loko n'kuitana a Home Affairs, oona za olowa ndi otuluka m'dziko. Ine ndili ndi pepala la asailamu lomwe likugwira ntchito, koma mnzangayu masiku ake a mu pasipoti anatha. Ndayesa kufuna malo kwina, koma ejenti wina atamva kuti ndife akazi awiri ofuna chipinda chimodzi anangosiya kuyankha foni. Kodi pali lamulo lotiteteza, kapena tingolongedza?

Yankho

Achemwali, musalongedze kaye. Uthenga wa pa WhatsApp uja musaufufutenso, ngakhale ukukulasani mtima mukamauwerenga. Pa zonse zimene mwandiuza, uthengawo ndiwo chida chanu chachikulu. Eni nyumba ambiri amene amasala anthu sanena chifukwa chenicheni: amati mwana wawo akubwera kudzakhala m'chipindamo, kapena akufuna kukonza denga. Bambo awa alemba okha ndi chala chawo kuti akukuchotsani chifukwa cha munthu amene mumamukonda, ndipo ku South Africa chifukwa chimenecho n'choletsedwa. Ujambuleni uthengawo pa foni moti nambala yawo ndi tsiku zizioneka, muutumize ku imelo yanu komanso kwa munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Amati mlandu suola, koma umboni wa pa foni umatha tsiku limene foniyo yagwa m'madzi kapena yabedwa pa takisi.

Ndikudziwa kumene mantha anu akuchokera. Kwathu ku Malawi, pa nkhani ya amuna kapena akazi ogonana okhaokha, gawo 153 la Penal Code lili ndi chilango cha zaka 14, gawo 156 zaka 5 kwa amuna, ndipo gawo 137A, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011, limafikira akazi ndi zaka 5. Pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu ku Blantyre linakana kufafaniza malamulo amtunduwu pa mlandu wa Jan Willem Akster ndi Jana Gonani. Munthu amene wakulira pansi pa malamulo otere akamva kuti polisi ikubwera amayamba kufuna kothawira. Koma ku Rosettenville malamulo amenewo safikako. Gawo 9 la malamulo aakulu a South Africa a 1996 limatchula poyera kuti boma ngakhale munthu wamba asasale wina chifukwa chokonda mwamuna kapena mkazi mnzake. Khoti lalikulu la Constitutional Court linachotsa milandu ya amuna ogonana okhaokha mu 1998, ndipo kuyambira pa 30 November 2006 akazi awiri kapena amuna awiri amatha kumanga ukwati wovomerezeka. Pa nkhani ya chikondi chanu, wophwanya lamulo pakhomopo si inu.

Lamulo limene likukukhudzani mwachindunji ndi Rental Housing Act, nambala 50 ya 1999. Gawo 4 la lamuloli limaletsa mwini nyumba kusala munthu pa nthawi zitatu: pamene akulengeza kuti nyumba ilipo ya lendi, pamene akukambirana ndi wofuna kulowa, ndi pamene munthuyo akukhala kale m'nyumbamo. Limateteza tenanti, a pabanja pake, ngakhalenso alendo odzamuchezera, choncho mnzanuyo ali m'kati mwa chitetezochi ngakhale lendi imachoka ku akaunti yanu yokha. Anthu ambiri a m'zipinda za kuseri amaganiza kuti lamuloli ndi la okhala m'mafulati a ku Sandton. Si choncho. Lamuloli likamati nyumba limawerengera chipinda chimodzi, chisakasa cha malata, galaja, ndi kanyumba ka kuseri, bola pakhale lendi. Kusalemberana sikukuchotserani kanthu, chifukwa gawo 5 limavomereza mgwirizano wa pakamwa, ndipo masitetimenti anu a ku banki akusonyeza kuti mgwirizanowo ulipo komanso kuti mumausunga. Pitani ku banki mukawatulutse a miyezi yonse kuchokera tsiku limene munalowa.

Taonani mmene nkhani yanu yakhalira. Bambowa ankadziwa kuti m'chipindamo mukugona akazi awiri, ndipo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi osanena kanthu. Anthu ndi omwewo, chipinda n'chomwecho, madzi ogwiritsa ntchito ndi omwewo, lendi ndi yomweyo. Chimene chasintha ndi chimodzi chokha, ndicho zimene iwo adziwa za inu. Akadzafika pamaso pa oweruza n'kuyamba kunena kuti vuto ndi kuchuluka kwa anthu kapena phokoso, funso loyamba lidzakhala loti n'chifukwa chiyani vutolo silinaoneke pamene ankati ndi mng'ono wanu.

Adzanena za chipembedzo, ndipo ufulu wa chipembedzo alinawodi. Palibe amene angawakakamize kusintha zimene amakhulupirira, kapena kukuitanani kudzadya nawo nsima. Koma munthu akatsegula chipinda chake kuti chizimubweretsera ndalama, walowa mu malonda, ndipo malonda ali ndi malamulo ake. Mu 2008 khoti linaweruza mlandu wa Johan Strydom, mphunzitsi wa nyimbo amene mpingo wa Dutch Reformed wa ku Moreleta Park mu Pretoria unamuchotsa utadziwa kuti ali pa chikondi ndi mwamuna mnzake. Mpingowo unati chiphunzitso chake sichilola. Khoti linapeza kuti ntchito ya Strydom sinali ya utsogoleri wauzimu, choncho kumuchotsa kunali tsankho, ndipo linalamula mpingowo kupepesa ndi kulipira R75,000 chifukwa chomuchotsera ulemu, kuwonjezera pa malipiro amene anataya. Ngati mpingo weniweni unalephera kudziteteza ndi mfundo imeneyo pa mphunzitsi wa m'sukulu yake, mwini kanyumba ka kuseri kokhala ndi chitseko chakechake adzavutika kwambiri. Kunena chilungamo, mlandu umalimbako pang'ono pamene tenanti akukhala m'nyumba yaikulu momwemo, khitchini ndi bafa n'zimodzi ndi eni ake, chifukwa pamenepo khoti limayezanso ufulu wa mwini nyumba wokhala mwamtendere m'nyumba mwake. Komabe lamulo la ku South Africa silinapatule eni nyumba otere. Abale athu a ku Britain asatenge mfundoyi ngati yawo: kumeneko Equality Act ya 2010 imaletsanso tsankho lotere pa nyumba za lendi, koma imapatula mwini nyumba yaing'ono amene akukhala momwemo ndi kugwiritsa ntchito zipinda zina limodzi ndi wolipirayo.

Tsopano za Lamlungu lija. Tsiku limenelo lilibe mphamvu iliyonse. Mgwirizano wa mwezi ndi mwezi umathetsedwa ndi notisi ya mwezi wathunthu, osati ya masiku ochepa. Ngakhale notisiyo itakhala yolondola n'kutha, mwini nyumba alibe ufulu wokutulutsani ndi manja ake. Gawo 26 la malamulo aakulu limati munthu aliyense asachotsedwe pamalo pamene amakhala popanda chigamulo cha khoti. Lamulo la 1998 lomwe anthu amangolitcha PIE ndilo limafotokoza njira yake, ndipo khoti la apilo linatsimikiza mu 2002, pa mlandu wa Ndlovu ndi Ngcobo, kuti limatetezanso tenanti amene mgwirizano wake watha koma sanachoke. Mwini nyumba ayenera kukasuma, inu mulandire chidziwitso cholemba masiku osachepera 14 lisanafike tsiku la mlandu, mukanene mbali yanu, ndipo woweruza aone ngati kukuchotsani n'chilungamo komanso tsiku loyenera kuti muchoke. Wodzatulutsa katundu ndi sherifu wa khoti, osati mwini nyumba, osati anyamata ake, osatinso alonda olembedwa ganyu. Zonsezi zimatenga miyezi ndipo zimadya ndalama za maloya. N'chifukwa chake eni nyumba amakonda kuopseza: tenanti akathawa yekha, iwo apulumutsa ndalama zonsezo.

Kudula magetsi ndi kusintha loko ndi milandu payokha. Mu 2007 nyumba ya malamulo inawonjezera pa gawo 16 la Rental Housing Act mfundo yoti wotsekera tenanti panja kapena womudulira madzi ndi magetsi popanda chilolezo cha lamulo wapalamula, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka 2. Kuphwanya gawo 4 lija la tsankho kuli pansi pa chilango chomwecho. Mukapita ku polisi, musadabwe wapolisi wa pa kauntala akakuuzani kuti nkhani za lendi si zawo, mukakambirane. Ambiri amatero. Tchulani dzina la lamulolo ndi gawo 16, pemphani nambala ya mlandu, ndipo akakana pemphani kuonana ndi mkulu wa siteshoni. Koma polisi si imene idzabwezeretse magetsi. Chimene chimabwezeretsa ndi chigamulo chachangu chomwe maloya amachitcha spoliation, chimene chimalamula munthu kubweza zinthu mmene zinalili asanazilande ndi mphamvu. Ubwino wake ndi woti woweruza safunsa kaye kuti wolakwa pa mkangano wonse ndani. Amangofuna kudziwa ngati munali m'chipindamo mwamtendere ndiponso ngati mwachotsedwa popanda khoti. Ngati mutabwera kuchokera ku saluni n'kupeza loko watsopano, musaswe chitseko. Jambulani chithunzi, pezani mboni, ndipo m'mawa mwake mukhale muli ku khoti la majisitireti kapena ku bungwe limene ndikutchula pansipa, chifukwa chigamulo chotere chimafuna kuti musachedwe.

Lendi pitirizani kulipira, yonse, pa tsiku lake. Apa ndi pamene anthu ambiri amadziwonongera mlandu wabwino. Mtima umati munthu wondidulira magetsi ndimupatsirenji ndalama, koma tsiku limene mwasiya kulipira mwamupatsa chifukwa chovomerezeka chomwe analibe, ndipo nkhani ya tsankho imakwiririka pansi pa nkhani ya ngongole. Akakana kulandira kapena akakubwezerani ndalamazo, sungani umboni woti munatumiza, ndipo ndalamazo muziike padera osazikhudza.

Khomo loyamba kugogoda, mwa maganizo anga, ndi Gauteng Rental Housing Tribunal. Chigawo chilichonse cha dzikoli chili ndi bungwe lotere, ndipo ntchito yake ndi kuweruza mikangano ya eni nyumba ndi matenanti. N'laulere ndipo simufunika loya. Mumalemba fomu ya dandaulo, n'kuphatikizapo pepala lanu la asailamu, masitetimenti a ku banki, mauthenga aja, ndi adiresi ya mwini nyumba. Kawirikawiri amayamba ndi kukukhazikani pansi ndi mkhalapakati, ndipo zikakanika amaitanitsa mlandu. Chigamulo chawo chili ndi mphamvu yofanana ndi cha khoti la majisitireti, ndipo akhoza kulamula kuti magetsi abwerere ndi kuletsa mwini nyumba kukuvutitsani. Iwo sangalamule kuti tenanti atulutsidwe, mphamvu imeneyo ndi ya khoti lokha. Chinanso chachikulu chili pa gawo 13: kuchokera tsiku limene mwapereka dandaulo mpaka chigamulo chituluke, kapena mpaka miyezi 3 ithe, chilichonse chimene chayamba kufika, mwini nyumba saloledwa kukuchotsani, bola inu mukulipira lendi. Bambowa akadzachenjera n'kukupatsani notisi yooneka bwino ya mwezi wathunthu yopanda chifukwa, musaganize kuti zatha. Mu 2012, pa mlandu wa Maphango wa matenanti a m'nyumba yotchedwa Lowliebenhof ku Braamfontein, Constitutional Court inati ngakhale mgwirizano utalola mwini nyumba kuuthetsa, bungweli lili ndi mphamvu yoona ngati kuthetsako kwachitika mopanda chilungamo. Notisi yobwera patangopita masiku kuchokera pa uthenga wa zonyansa uja idzawerengedwa pamodzi ndi uthengawo.

Khomo lachiwiri ndi Equality Court, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo lolimbikitsa kusasiyanitsa anthu, nambala 4 ya 2000. Si nyumba yapadera ayi. Ndi khoti la majisitireti kapena High Court lomwe limakhala ngati khoti la za tsankho. Mumafunsa kalaliki wa Equality Court, iye amakupatsani Form 2 ndipo ayenera kukuthandizani kulemba. Palibe cholipira. Lamuloli linatembenuza mtolo wa umboni: inu mukangosonyeza poyambira kuti tsankho likuoneka kuti lachitika, wodandaulidwayo ndiye ayenera kutsimikizira khoti kuti sanasale, kapena kuti kusalako kunali kwa chilungamo. Ndi uthenga umene muli nawo, mtolowo uli kale pamutu pa bambowa. Khotili likhoza kulamula chipukuta misozi, kupepesa, ndi chiletso choti asadzachitenso. Musayembekezere chuma, ndalama za milandu yotere sizikhala zambiri ndipo mlandu umatenga nthawi.

Pali chinthu china chimene muyenera kuchiganizira musanapite ku Equality Court, chomwe loya wobadwira konkuno akhoza kuiwala kukuuzani. Milandu ya m'khotili imazengedwa poyera, pokhapokha woweruza atalamula mwina. Ife a Malawi ku Joni timadziwana, ndipo nkhani ya ku Rosettenville imafika ku Mangochi kapena ku Mzimba basi isanawoloke pa Beitbridge. Ngati abale anu kumudzi sadziwa, ndipo simukufuna adziwe mwa njira imeneyi, pemphani poyamba penipeni kuti dzina lanu libisidwe, n'kufotokoza malamulo a kwathu aja monga chifukwa. Woweruza akhoza kuvomera kapena kukana. N'chifukwa china chimene ndikukulozerani ku Tribunal poyamba, kumene zambiri zimathera pa tebulo la mkhalapakati. Equality Court idzakhalapobe mukadzapeza pokhala pabata n'kuona kuti mtima ukufunabe kuti bambowa ayankhe. Bungwe la South African Human Rights Commission kapena Commission for Gender Equality likhozanso kutengera nkhaniyi ku khoti m'malo mwanu.

Nkhani ya Home Affairs ndiyo yokhayo pamene sindingakuuzeni kuti musadandaule. Inu muli bwino: pepala lanu likugwira ntchito, ingoonetsetsani kuti mukuliwonjezera masiku lisanathe. Mnzanuyo ali pa ngozi yeniyeni, ndipo ngoziyo siichokera ku chikondi chanu koma ku pasipoti. Munthu amene masiku ake anatha akhoza kumangidwa, kusungidwa ku Lindela ku Krugersdorp, n'kubwezedwa kwawo. Akatuluka yekha pa chipata atapyola masiku oposa 30, amaletsedwa kulowanso kwa zaka 5. Chitetezo choti munthu asatulutsidwe m'nyumba popanda khoti n'cha munthu aliyense, wa mapepala ndi wopanda mapepala, koma sichiletsa ofisala wa zolowa ndi kutuluka kugwira ntchito yake. Dziwaninso kuti gawo 42 la Immigration Act ya 2002 limaletsa kupereka malo ogona kapena kuchititsa lendi kwa munthu amene alibe chilolezo chokhala m'dzikoli. Mfundoyi imadula mbali zonse. Bambowa akaitana a Home Affairs akhoza kufunsidwa iwonso, n'chifukwa chake eni nyumba ambiri amangoopseza osaimba foni. Koma akhozanso kuigwiritsa ntchito podziteteza, kunena kuti akukuchotsani chifukwa cha mapepala. Uthenga wawo woyamba sunanene za mapepala, ndipo zimenezo zikukuthandizani, koma musapite ku Tribunal musanakambe mfundoyi ndi loya.

Choncho dandaulo likhale m'dzina lanu, inu amene mumalipira lendi ndipo muli ndi pepala, ndipo sabata yomwe ino nonse awiri mukaonane ndi a Lawyers for Human Rights, omwe ali ndi ofesi ku Johannesburg ndi ku Pretoria ndipo amathandiza othawa kwawo ndi obwera mwaulere. Refugees Act ya 1998 imavomereza kuti munthu wozunzidwa kwawo chifukwa chokonda mkazi kapena mwamuna mnzake akhoza kupatsidwa chitetezo. Tiwonge Chimbalanga, amene anagamulidwa zaka 14 ku Blantyre mu May 2010 n'kukhululukidwa ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika mwezi womwewo, anadzapeza malo ku Cape Town mwa njira imeneyi. Mu 2018, pa mlandu wa Ruta, Constitutional Court inati kuchedwa kokha sikumulanda munthu ufulu wopempha asailamu. Koma malamulowa anakhwimitsidwa mu 2020, ndipo maofisala ambiri amakana zopempha zotere, choncho mnzanuyo asapite yekha, ndipo asagule nkhani yopeka kwa anthu oima panja pa ofesi. Pa mbali ya nyumba yokha, a SERI ku Braamfontein, Wits Law Clinic ndi Legal Aid South Africa amathandiza osauka pa milandu yotulutsidwa m'nyumba. A mabungwe a OUT ndi Access Chapter 2 amagwira ntchito ndi anthu onga inu ndipo amadziwa maloya amene sadzakuyang'anani ndi diso lachilendo.

Zonse ndanenazi zigwire ntchito pokhapokha ngati thupi lanu lili potetezeka. Malamulo a dziko lino ndi abwino, koma Eudy Simelane, amene ankasewera mpira mu timu ya dziko ya Banyana Banyana, anaphedwa ku KwaThema mu April 2008 malamulo onsewa alipo kale. Mukamva kuti bambowa ayamba kuuza anyamata a m'deralo za inu, kapena wina wanena mawu oti akukonzani, musadikire Tribunal. Kagoneni kwa mnzanu usiku womwewo, mutatseka chipinda, kujambula katundu wanu yense ndi kutenga mapepala ofunika. Kuchoka pothawa ngozi sikutanthauza kuti mwavomera kuthetsa mgwirizano, ndipo muwalembere uthenga wonena zimenezo. M'mawa pitani ku khoti la majisitireti mukapemphe chiletso pansi pa Protection from Harassment Act ya 2011. Woweruza akhoza kupereka chiletso chongoyembekezera asanamve mbali inayo, ndipo chimabwera ndi chikalata chomangira munthuyo akachiphwanya. Mukamalankhula nawo maso ndi maso kapena pa foni, lamulo limakulolani kujambula mawu a zokambirana zimene inu muli nawo m'kati, ngakhale osawauza.

Za ejenti uja, lamulo likumuletsa iyenso, koma kungosiya kuyankha foni n'kovuta kukutsimikizira. Akhoza kunena kuti chipinda chinatengedwa. Njira yake ndi iyi: sungani chithunzi cha chilengezo cha chipindacho, ndipo mupemphe mnzanu wina amulembere tsiku lotsatira ngati mwamuna ndi mkazi ofuna chipinda chomwecho. Akayankha kuti chilipo, bwerani mudzaone, pomwe inu anakusiyani m'malere, muli ndi poyambira. Maejenti olembetsedwa amayang'aniridwa ndi Property Practitioners Regulatory Authority ndipo mukhoza kukadandaula kumeneko, ngakhale ambiri otsatsa zipinda pa Facebook sanalembetse kulikonse. Ineyo sindingathere mphamvu pa ameneyu panopa, muli kale ndi nkhondo imodzi. Pofuna malo ena, palibe lamulo lokukakamizani kufotokoza za chikondi chanu. Nenani zoona pa chiwerengero cha anthu okhala m'chipindamo, pemphani mgwirizano wolemba, umene mwini nyumba ayenera kupereka tenanti akaupempha, ndipo musalembemo kuti ndinu pachibale, chifukwa bodza lolembedwa limadzakhala chida cha mwini nyumba. Kwa owerenga ena amene anabadwa amuna koma amakhala ngati akazi, kapena anabadwa akazi koma amakhala ngati amuna, chitetezochi n'chanunso: mu 2019 Equality Court ya ku Western Cape inatero pa mlandu wa Jade September wotsutsana ndi akuluakulu a ndende.

Mwina mukufunsa ngati n'koyenera kumenyera chipinda cha pakhomo pa munthu amene amakudani. Ine ndinganene kuti menyerani nthawi ndi ndalama zanu, osati chipindacho. Ngakhale mutapambana, mudzadutsabe pa geti lake m'mawa ndi madzulo. Chimene lamulo likukupatsani ndi mphamvu yochoka pa tsiku limene inu mwasankha, muli ndi kopita, katundu ali wathunthu, dipoziti ili m'manja. Lero lomwe alembereni uthenga waufupi, waulemu, wopanda chipongwe: kuti mwalandira uthenga wawo wa tsiku lakuti, kuti simukuvomera kuchoka Lamlungu, kuti lendi mupitiriza kulipira, kuti magetsi abwezeretsedwe pofika mawa, ndi kuti mukukapereka dandaulo ku Rental Housing Tribunal. Eni nyumba ena amabwerera m'mbuyo akangoona dzina limenelo. Pa tebulo la mkhalapakati pemphani miyezi iwiri kapena itatu yofunira malo, magetsi ndi madzi osadulidwa, lonjezo loti sadzauza anthu ena za inu, ndi tsiku lenileni lobwezera dipoziti, ndipo zonsezi zilembedwe n'kusainidwa pamaso pa bungwelo.

Dipozitiyo lamulo limati isungidwe ku banki kumene imabereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho n'chanu. M'masiku 3 omaliza musanatuluke, inu ndi mwini nyumba muyenera kuyendera chipindacho limodzi kuona ngati pali chowonongeka. Alembereni kuwakumbutsa za tsikulo. Akapanda kubwera, lamulo limatenga kuti avomereza kuti chipinda chili bwino ndipo ayenera kubweza ndalama zonse. Ngati palibe ngongole kapena chowonongeka, abweze m'masiku 7. Ngati adulapo za kukonza, abweze zotsala m'masiku 14, ndipo akuonetseni malisiti a zimene akonzazo.